Kalongonda wa Mayi Nakhumwa Si Chitedze

Kalabu ya Alimi ya Tiyesenso,
Kumtunda kwa msika wa Milonde,
Mulanje.
Lolemba, 2 Seputembala 2024.

Kwa Bwana Mkulu,
Ntchito ya Diso la Mlimi,
Ku Likulu.

Wolemekezeka Bwana,

KUTHOKOZA CHIFUKWA CHA KANDEGE, NDI KAPEMPHO KAMODZI

Loweruka pa 31 Ogasiti 2024, nthawi ya 2 koloko masana, kalabu yathu inakumana pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa tchalitchi. Analipo a Pilato Makwinja, wapampando. Mayi Stella Nakhumwa. A Honest Likhucha ndi akazi awo mayi Millie. Alimi ena khumi ndi asanu ndi anayi. Ndi ine Evance Namakhwa, mlembi. Onse anagwirizana kuti ndikulembereni. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 8 mu 1987, choncho mukapeza mawu opindika muwawongole nokha, inu amene muli ndi makina odziwa zonse.

Tinakulemberani kale kawiri, pa 22 Julayi ndi pa 12 Ogasiti, koma yankho silinabwere. Sitikukaikira kuti muli ndi ntchito zambiri. A Pilato akuganiza kuti cholakwa chinali chathu: makalata aja tinawatsekera mu envulopu, pomwe ofesi yanu inazolowera kuona zinthu zili poyera, kuchokera kumwamba. Ndiye ino taipereka ku nyuzipepala kuti igone chagada, muione bwino.

Nkhani yake ndi iyi. Kalabu yathu ili ndi alimi 42. Chaka chilichonse bungwe lanu limatipatsa mbewu ya chimanga yopirira ng'amba ndi thumba limodzi la feteleza. Chaka chino alimi 14 achotsedwa pa mndandanda, ndipo mndandandawo mukutseka pa 30 Seputembala. Koma ndisathamangire kudandaula ngati munthu wosaleredwa. Ndiyambe ndi zabwino zimene mwatichitira, mmene zinatsatirana.

1. Tikuthokoza chifukwa chotifunsa maganizo.

Lachiwiri pa 6 Febuluwale munatumiza magalimoto atatu ku bwalo la sukulu kuti mudzamve maganizo a alimi pa luso latsopano. Tinauzidwa kuti tifike 9 koloko. Alendo anafika 11:40. Sitikudandaula, dzuwa linalipo lokwanira aliyense. Ndinali ndi wotchi ndi kope, ndiye ndikhoza kukuuzani momwe msonkhano unayendera: pemphero mphindi 4, kutchulana maudindo mphindi 17, zoyankhula za alendo ola limodzi ndi mphindi 52, kujambulitsa mphindi 25, mafunso a alimi mphindi 6. Pa mphindi zisanu ndi imodzizo, ziwiri zinapita pofunafuna batire la chimkuzamawu.

Tinamva kuti kubwera kandege kopanda woyendetsa kamene kazijambula minda yathu, kuti zithunzizo ziziwerengedwa ndi makina anzeru otchedwa Diso la Mlimi, ndipo makinawo azipereka malikisi kwa mlimi aliyense monga kusukulu. Funso linafunsidwa limodzi. A Pilato anaimirira nkunena kuti, "Bwana, mabafa athu kuno alibe madenga. Kandegeko kakamadutsa kazitseka maso?" Anthu anaseka, alendo anaseka, yankho linali lakuti kamaona mbewu zokha, ndipo nthawi inathera pomwepo.

Mayi Nakhumwa anali atakweza dzanja. Pa pepala limene munatigawira panali mabokosi a mbewu zimene timalima: chimanga, nandolo, mtedza, chinangwa, mbatata. Iwo ankafuna kufunsa kuti kalongonda amulemba pati. Dzanja lawo likuoneka bwino pa chithunzi chimene chili pa chikuto cha lipoti lanu. Pansi pake munalemba kuti, "Mlimi akusangalalira luso latsopano."

Potseka, bambo wina wa tayi yofiira anafunsa kuti, "Tonse tamvana?" Tinayankha kuti eee. Bwana, kuno munthu amene wayenda ulendo wautali kudzakuona sumuyankha kuti ayi pagulu. Eee ameneyo amatanthauza kuti mawu alowa m'makutu, zina tikambirana mukakhala pansi. Koma alendo sanakhale pansi, anakwera magalimoto. Mu lipoti muja mwalembedwa kuti alimi 100 pa 100 alionse anavomereza. Tikuthokoza, chifukwa kalabu yathu siinagwirizanepo chotere pa nkhani ina iliyonse, ngakhale ya tsiku lokumana.

2. Tikuthokoza chifukwa cha changu cha kandege.

Kanabwera Lachiwiri pa 12 Malichi. Kananyamuka 10:15, kanatera 10:58. Mphindi 43, minda 42. Munda uliwonse mphindi imodzi, ndi ina yotsala yopumira. Alangizi akale ankatha tsiku lonse pa minda itatu, akugwada, kufukula nthaka, kufunsa mafunso, mpaka kudziwa dzina la mwana wako wodwala. Tsopano tikuona kuti kunali kutaya nthawi.

3. Tikuthokoza chifukwa chotiuza chimene takhala tikudya.

Lachinayi pa 4 Epulo, alimi 15 analandira uthenga pa foni. Ndaukopera mmene unalili: "Mlimi wokondedwa, Diso la Mlimi laona CHITEDZE chochuluka m'munda mwanu. Zulani msanga. Munda waukhondo, mlimi wamakono."

Bwana, sindikudziwa kumene munakulira, ndiye mundilole ndifotokoze pang'ono. Chitedze ndi chomera cha kutchire ndi m'mbali mwa mitsinje. Makoko ake ali ndi ubweya umene ukakugwera pakhungu umaiwala ulemu, umavula pamsewu ngakhale apongozi akuona. Palibe munthu wamoyo amene angasunge chitedze m'munda mwake, nkumalowamo m'mawa uliwonse.

Kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu zimene makolo athu anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki. Timadzala pakati pa chimanga, amayanga pamapesi, masamba ake amaphimba nthaka kuti isaume, ndipo akafota amasanduka manyowa. Kuphika kwake nkwa tsiku lathunthu: kuwiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, kutayanso madzi, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu. Koma akapsa, mbale imodzi imakusunga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Miyezi imene chimanga chatha m'nyumba, ndi kalongonda amene amatumiza ana kusukulu. Masamba a ziwirizi amafanana ndithu, sindikana. Munthu wodutsa pa liwiro la munda umodzi pa mphindi akhoza kusokoneza.

Uthenga uja utafika, kunali chisangalalo. Anthu ankaimitsa mayi Nakhumwa pamsika kuwafunsa kuti, "Achemwali, chitedze chija mukugulitsa bwanji mbale?" Iwo ankayankha kuti, "Kwa inu ndi chaulere, bwerani ndi malaya omasula." Tinaseka sabata yathunthu. Tinkaganiza kuti makina akamacheza amacheza choncho.

4. Tikuthokoza chifukwa cha mlimi wachitsanzo.

Mwa anthu 15 aja, mmodzi yekha anamvera. A Honest Likhucha ndi munthu woopa malamulo. Chikwangwani chikati musadutse apa, amazungulira ngakhale mpanda unagwa kale. Loweruka pa 6 Epulo, akazi awo atapita ku maliro ku Nkando, iwo analowa m'munda ndi chikwanje nkuchotsa kalongonda yense, mizere 31, ali ndi makoko kale. Anajambulitsa mundawo nkutumiza ku nambala yanu. Makina anawapatsa malikisi 88, ndipo bungwe lanu linawatumizira tisheti yobiriwira yolembedwa kuti "Ndine Mlimi Wamakono."

Mayi Millie, amene amagulitsa kalongonda wophika tsiku la msika, anabwerako Lolemba. Zimene zinayankhulidwa pakhomopo sindinazilembe m'kope, ngakhale zinamveka mpaka kwathu. Chimene ndingachitire umboni nchakuti tisheti ija tsopano ndi imene amaphulira mphika. Pa msonkhano wa Loweruka a Honest anapempha kuti ndilembe mawu awo ndendende, ndipo ndi awa: "Auzeni abwanawo kuti malikisi 88 aja ndawalandira, koma kunyumba akundifunsa kuti amathira mchere wochuluka bwanji."

5. Tikuthokoza chifukwa cha mndandanda.

Lachisanu pa 19 Julayi mndandanda wa olandira mbewu unamatidwa pa khomo la sitolo ya kalabu. Wopeza malikisi osafika 50 wachotsedwa, chifukwa "sasamalira munda." Ochotsedwa ndi 14 aja amene sanazule. Mwa iwo, 11 ndi amayi, popeza kalongonda kuno amasunga mbewu yake ndi amayi. Apa mpamene kuseka kunachepa.

Mayi Nakhumwa anapeza 23, otsika kuposa onse, chifukwa kalongonda wawo ndiye anayanga bwino kuposa wa onse. Mayiwa amuna awo anamwalira mu 2019. Akulera ana atatu a malemu mng'ono wawo. Nyengo yothyola tiyi amadzuka kukagwira ku esiteti, akaweruka amalowa m'munda mwawo. Chaka chino mvula inadula pakati, chimanga cha ambiri chinapserera, koma pansi pa masamba aja nthaka yawo inasunga chinyezi. Ndinapita ndekha kukawerenga zokolola pa 25 Meyi: matumba 9 a chimanga, 3 a kalongonda, ndi ndowa 4 za nandolo zimene anawonjezera mu Ogasiti. A Honest, pa munda wofanana kukula kwake, anapeza matumba 5 a chimanga ndi tisheti.

Ine masamu anga ndi a pulayimale. Kwa ine 9 ndi wamkulu kuposa 5. Koma ndamva kuti masamu a makina ali ndi njira zina zimene ife sitinafikepo, ndipo sindikufuna kutsutsana ndi ophunzira. Ndingonena kuti mayiwa akapanda kulandira mbewu ndi thumba lija, adzadzala chimanga chobwereza chopanda feteleza, ndipo matumba 9 aja chaka chamawa sadzawaonanso. Pakhomo pali pakamwa panayi.

6. Tikuthokoza chifukwa cha a Bryson.

A Bryson ndi mlangizi wanu wa dera lino, bambo waulemu, woyenda pa njinga yamoto. Chonde musawadzudzule chifukwa cha kalata ino. Iwo ndi okhawo a bungwe lanu amene anakhalapo pa mpando wathu. Anabwera Lachitatu pa 7 Ogasiti, ndipo mayi Nakhumwa anawaphikira chitedze chija. Anadya mbale ziwiri.

Atasamba m'manja anatifotokozera za sayansi, ndipo ndinalemba. Anati makinawo anaphunzitsidwa ndi zithunzi 300,000 za zomera. Ndinafunsa kuti mwa zimenezo za ku Mulanje zinali zingati. Anati afufuza. Anatinso m'mabuku a akatswiri kalongonda ndi chitedze zili ndi dzina limodzi la Chilatini, chifukwa ndi mtundu umodzi, wina woweta, wina wakutchire. Ndiye katswiri amene anakonza mndandanda wa zomera anangolemba mzere umodzi, nkuuika m'gulu la zomera zosafunika. Dzinalo anandilembera m'kope, koma lilime langa lakana.

A Pilato anati, "Ndiye kuti galu wanga ndi nkhandwe akhozanso kukhala ndi dzina limodzi. Achimwene, mukadzaona nkhandwe mudzaiitane kuti idzalondere nkhuku zanu." A Bryson anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti, "Akuluakulu, ine kwathu nkonkuno, amayi anga amaphika zomwezi. Koma makinawa ine sindingawauze kanthu. Amandiuza ndi iwo."

Izi zinatikhudza, Bwana. Ife tinkaganiza kuti osafunsidwa ndife tokha.

7. Tikuthokoza chifukwa cha mwayi wodandaula.

A Bryson anatiuza kuti mlimi wosakhutira akhoza kuchita apilo potumiza chithunzi cha umboni. Tinafunsa kuti apiloyo amaweruza ndani. Anati makina omwewo. Poti m'munda munali mutauma kale, umboni umene unalipo unali mbale yachitatu imene inatsala pa mphasa. A Bryson anaijambula ndi foni yawo nthawi ya 1:20, ndipo yankho linabwera 1:21. Ndalikoperanso: "Diso la Mlimi laona NDOWE ZA MBUZI. Mwachita bwino kusonkhanitsa manyowa. Mwawonjezeredwa malikisi 4."

Mayi Nakhumwa anayang'ana mbale, anayang'ana a Bryson amene anali atangodya ziwiri, nkunena kuti, "Pepanitu alangizi, sindinadziwe."

Ndiye pano ali ndi 27. A Pilato anawerengera pansi ndi kamtengo kuti tikatumiza mbale zina zisanu ndi imodzi, 4 kuchulukitsa ndi 6 ndi 24, kuphatikiza 27 ndi 51, mayiwa apambana. Ndinabwereza masamuwo ndipo anali olondola. Tinajambula mbale yomweyo kuchokera mbali ina. Makina anayankha kuti apilo ndi imodzi pa chaka. Pamenepa tinaona kuti ndi anzerudi.

Bwana, musatenge kalata ino ngati ya anthu odana ndi zatsopano. Kandege komweko kanaona mbozi m'minda 9, ndipo titapita kukayang'ana tinazipeza mu 8. Amene anapopera msanga anapulumutsa chimanga, ndipo zimenezo zili m'kope langa pa tsamba la zabwino. Tikufuna kabwerenso. Tamva kuti makinawa amaphunzira, ndipo ife ophunzitsa tilipo. Mayi Nakhumwa akuti akhoza kuwaonetsa kalongonda kuyambira ali nthangala mpaka ali m'mbale, pamodzi ndi mbewu zina zisanu ndi ziwiri za m'munda mwawo zimene zinalibe bokosi pa pepala lija. Sakufuna tisheti. Chimene chikutivuta kumvetsa nchimodzi: mayeso analemba ndi makina, kulakwa analakwa ndi makina, koma obwereza kalasi ndi amayi khumi ndi mmodzi ndi abambo atatu.

Tsopano kapempho kathu.

A Bryson anatiphunzitsa kuti mu sayansi munthu sakhulupirira zongomva, amayesa pamaso pa mboni nkulemba zotsatira. Mawu amenewa tinawakonda kwambiri, ndipo takonza zonse. Lachisanu pa 30 Ogasiti a Pilato anapita kumtsinje ndi ndodo yaitali ndi jumbo ziwiri m'manja, nkubwera ndi khoko limodzi la chitedze lokhwima bwino, la nyengo ino, ubweya wake uli wonse. Lili m'chitini chotseka. Mayi Nakhumwa apereka khoko limodzi la kalongonda, lili m'chitini china. Zitini sitinazilembe, kuti pasakhale kukondera.

Tikupempha modzichepetsa kuti mutitumizire katswiri uja amene analemba ziwirizi pa mzere umodzi. Ngati iye watanganidwa, inu nomwe mudzatilemekeza koposa. Adzaika khoko limodzi m'malaya mbali ya kumanja, lina mbali ya kumanzere, nkukhala pa mpando mphindi zisanu. Mboni zidzakhala 42. Nthawi yoyankhula tidzampatsa yonse imene angafune, ndipo sitikukaikira kuti adzayankhula. Ngati mphindi zisanu zitatha adzanenabe kuti ndi chomera chimodzi, ife tidzapepesa mu nyuzipepala yomweyi, ndipo ine ndidzayamba kuzula kalongonda wanga. Koma akadzapeza kusiyana, tidzapempha kuti manja ake akadzapeza mpata alembe mzere wachiwiri m'makinamo. Madzi, mchenga wodzikhulira ndi chitenje chobisalira tidzakonza ife. Bungwe lisavutike ndi kanthu.

Ngati njira imeneyi mukuiona yotalika, ilipo ina yachidule imene ngakhale ine ndingaithe. Imafuna cholembera chimodzi ndi munthu mmodzi wololedwa kuuza makina kuti alakwa. Mayina onse 14 ali kwa a Bryson, olembedwa ndi zilembo zazikulu, dzina la mayi Stella Nakhumwa lili pamwamba. Mayiwa ayamba kale kugalauza. Anandifunsa dzulo potuluka m'tchalitchi ngati asiye mpata wa chimanga cha mbewu yanu kapena ayi, ndipo ndinawauza kuti ndafunsa kwa akuluakulu.

Mmene zilili lero, 2 Seputembala: mayina ochotsedwa, 14. Obwezeretsedwa, palibe. Amene tikudikira kuti mutibwezere, 14. Masiku otsala kuti mutseke mndandanda, 28.

Ine wanu wogonjera, wa malikisi 41,

Evance Namakhwa,
Mlembi, Kalabu ya Alimi ya Tiyesenso.